Jakisoni wa pa Khadi Lobwereka

A Swaibu anafika pachipatala chaching'ono cha m'dera la Nsamala Lachitatu m'mawa, m'chaka cha 1983, akuyenda chopindika. Iwo anali msodzi wa mu Shire, kumtunda kwa Liwonde. Anadumpha mzere wonse wa odwala nalunjika pakhomo pa chipinda choyezera, poti namwino amene anali m'menemo anali Zaina, mwana wa mlongo wawo.

Zaina anali ndi miyezi itatu chimalizireni sukulu ya unamwino. Mayeso anakhoza, koma chiphaso chake chochokera ku Bungwe la Anamwino ndi Azamba chinali chisanafike. Tsikulo a Chande, medikala amene anthu ankangowatchula kuti adokotala, anali atapita ku Balaka kukatenga mankhwala, ndipo makiyi a kabati anasiyira iyeyo.

Atapatsana moni, a Swaibu anamasula kathumba kapulasitiki ka shuga. M'menemo munali khadi la chipani ndi khadi la kuchipatala. Anapereka la kuchipatalalo.

"Amjomba, khadi ili ndi la a Sumani," anatero Zaina.

"Ndikudziwa. Sumani timakwera bwato limodzi. Ankamva kuotcha pokodza ngati inemu, anamubaya jakisoni walembedwa apoyo, anachira. Ndiye ndabwereka. Iwe ungokopera pa khadi latsopano, undibaye, ndizipita. Ukonde ndausiya m'madzi."

Pa khadipo panalembedwa penisilini.

"Ine sindiloledwa kulembera munthu mankhwala otere. Tidikire a Chande."

"Nanga akulira m'thumba mwakomo si makiyi? Ho! Ndinakupalasa panjinga kukakusiya ku siteshoni popita kusukulu, lero ukuti ndidikire mlendo? Kapena anangokuphunzitsa kuyala mabedi?"

Odwala apabenchi anaseka. Zaina anagwira makiyi aja m'thumba. Kubaya ankadziwa, mlingo wake unali pa khadipo, ndipo kumudzi nkhani ikanafika yoti wakana m'bale wa mayi ake. Anapempha kuti atuluke pang'ono, napita kuchipinda cha amayi oyembekezera kumene kunali Mayi Matilda, mzamba wa zaka makumi awiri pantchito.

Mayi Matilda anamvetsera uku akupukuta m'manja.

"Mwana wanga, makiyi si chilolezo," anatero. "Ngakhale chiphaso chako chikabwera, chidzakulola kubaya jakisoni amene walembedwa ndi munthu wololedwa kulemba. Ukalemba wekha, zinthu n'kulakwika, kubungwe dzina lako salilemba, ndipo ntchito yathera pompo. Komanso khadi ndi la munthu mmodzi. Anthu awiri akhoza kumva ululu pamalo pamodzi, matenda ali osiyana."

"Ndiye ndiwabweze?"

"Iyayi. Ntchito yako ilipo. Ayeze, afunse bwinobwino, ulembe zonse. Adokotala akabwera asayambirenso pachiyambi."

Zaina anabwerera, natenga khadi latsopano, nalembapo dzina la a Swaibu. Anawayeza kutentha kwa thupi, nawapatsa kabotolo ka mkodzo. Mkodzowo unali ndi magazi.

"Zimenezo n'zakale," anatero a Swaibu. "Mwamuna aliyense wa kumtsinje amatero."

Zaina analemba. Kenako anafunsa ngati anabayidwapo jakisoni m'mbuyomu.

"Kamodzi, ku Joni, ndili kumigodi ya Wenela. Amene uja ndiye anali jakisoni! Atangondibaya, milomo inatupa, mpweya unabanika, ndinagwa pansi. Ndinatsitsimuka azungu atatu atandizungulira. Mphamvu zimenezo ndi zimene ndikufuna, osati timapilitsi tanu iti."

"Anakuuzani chiyani pambuyo pake?"

"Analankhula zambiri, koma Chizungu. Anandimanga kachingwe kofiira pamkono, ndinakadula pobwera."

 Zaina analemba mawu onsewo, nawadula mzere kunsi.

A Chande anafika dzuwa litapendeka, makatoni a mankhwala ali pakaliyala wa njinga. Anawerenga khadilo ataimirira, nafunsa a Swaibu mafunso awiri atatu, kenaka anakhala pansi.

"Bambo, thupi lanu likuoneka kuti limadana ndi penisilini. Chimene munachiyesa mphamvu chija kunali kupulumuka. Akanakubayani lero, kuno kulibe zipangizo za ku Joni. Ndipo matenda anu ndi likodzo, a Sumani anali ndi ena. Likodzo limamva mapilitsi."

A Swaibu anayamba kupinda ndi kupindula kathumba kawo. "Ndiye Sumani akanandipha ndi khadi lake?"

"Khadi silipha. Akanakuphani ndi amene akanakopera," anatero a Chande.

A Chande analemba mapilitsiwo, ndipo pamwamba pa khadi analemba ndi inki yofiira kuti munthuyu asabayidwe penisilini. Odwala atatha, anaitana Zaina.

"Akuti amuna onse a kumtsinje amakodza magazi. Zoona? Tilibe umboni. Tenga kope. Aliyense wobwera ndi vuto limeneli uzilemba mudzi wake, msinkhu wake, ndi kumene amasamba. Usalembe zoganiza, uzilemba zimene waona."

Patatha miyezi inayi, m'kopemo munali anthu makumi asanu ndi limodzi, ambiri ochokera m'midzi itatu ya m'mbali mwa Shire. Zaina analemba lipoti la masamba awiri. A Chande analibweza kawiri kuti achotse mawu ochuluka ndi kuika manambala, kenako analitumiza kwa akuluakulu a zaumoyo ku Machinga. Mwezi wotsatira kunabwera galimoto ndi anthu oyeza mkodzo m'midzi itatu ija. Woyamba pamzere anali a Sumani, atakokedwa ndi a Swaibu, aliyense khadi lakelake kumanja.

Chiphaso cha Zaina chinafika pa positi mvula itayamba. Anachionetsa kwa Mayi Matilda, amene anachiwerenga n'kumuuza kuti akachisunge posafika chiswe.

Wodwala, usabwereke khadi la mnzako, ndipo usakakamize m'bale wako wa kuchipatala kukupatsa mankhwala amene saloledwa kulemba. Namwino watsopano, dziwa polekezera chilolezo chako, ufunse mokwanira, ulembe zimene waona. Zaina sanatsekule kabati tsiku lija, ndipo amjomba ake akusodzabe mu Shire.