Khoma la pa Geti ya Fakitale

Fayilo itagwera pa desiki pake, wamapulani, wojambula mapulani a nyumba, anangoti laponda lamphawi. Zaka zonsezi mu ofesi muja ankangomupatsa zimbudzi za sukulu ndi mipanda, anzake akujambula nyumba zosanja. Lero abwana ake anamuuza kuti fakitale ina ya malata ikufuna nyumba yatsopano ya alonda pa geti, pamodzi ndi chipinda cholandiriramo alendo, ndipo ntchito yonse ndi yake. Atawerenga dzina la fakitaleyo, analizindikira. Kumeneko ndi komwe achimwene ake anafera chaka chatha. Koma anatseka fayilo nati, "Ndiigwira, bwana."

Imfa imeneyo palibe ankaidziwa mutu wake. Munthu anapita kuntchito m'mawa ali bwinobwino, madzulo kunabwera galimoto ya kampani ndi bokosi lokhoma kale misomali, ati musatsegule. Anzake a kuntchito ukawafunsa ankangoyang'ana pansi. Abale analira, anaika maliro, kenako aliyense kwawo, poti wapita wapita. Koma mkazi wa malemuyo, mlamu wake wa wamapulani, anakana kuti zithere pomwepo. Sankafuna zambiri ayi. Ankafuna manijala wa fakitale amuuze ndi pakamwa pake chimene chinachitikira mwamuna wake m'kati muja, kuti ana akadzafunsa adzakhale ndi chowayankha. Ndiye m'mawa uliwonse, ana akapita kusukulu, iye ankakakhala pa geti.

Manijalayo anali munthu waulemu wake, wolankhula motsitsa ngati m'busa. Anamulandira wamapulani ndi tiyi, nayamba kutchula zofunika. Alonda asamanyowe mvula ikamagwa. Malole a katundu akhale ndi polowera pawo. Antchito azidutsa pa chitseko chozungulira, mmodzimmodzi. Alendo akhale pamthunzi, pakhale mipando ndi madzi akumwa.

"Mlendo ndi munthu, asamapse ndi dzuwa," anatero manijala. Kenako anasendeza kapu yake pambali. "Koma pali chimodzi. Wokhala m'chipindamo asaone galimoto imene yalowa kapena yatuluka. Pali mayi wina amandisowetsa mtendere. Akangoiona galimoto yanga, mlonda sangathenso kunena kuti ndachokapo. Tsiku lina anakhala pansi kutsogolo kwa matayala! Nkhani yake ili m'manja mwa maloya, ine sandilola n'kutsegula pakamwa komwe. Mwandimva?"

"Ndamva, bwana."

Anazilemba mmene analembera za madzi akumwa zija.

Tsiku lokayeza malo anawapeza alamu akewo atakhala m'mphepete mwa ngalande, ambulera yothyoka nthiti ili pamutu. Anali atawonda, koma maso ali gwa pa geti. Atamuona anadzuka msangamsanga.

"Alamu! Mwabwera?"

"Ndabwera kuntchito, alamu. Akufuna tiwamangire pokhala alendo."

"Ee, koma Mulungu ndi wamkulu. Ndiye kuti mumalowa m'katimo? Mumaonana naye manijalayo?"

"Aa, ife timangoonana ndi a zomangamanga."

Bodza limenelo linatuluka mosavuta moti iye mwini anadabwa. Anatambasula tepi, namupatsa mlonda kuti agwire kunsonga, nayeza kuchokera pa msewu kufika pa mpanda. Koma khoma lobisa chinthu sungaliike usanadziwe pomwe anthu amachionera chinthucho. Akanatha kuzungulira yekha tsiku lonse, kuima apa, kunjuta apo. Nanga avutikirenji, katswiri ali pomwepo?

"Kodi alamu, galimoto yakeyo mumaionera pati?"

Mayi uja nkhope inawala. Kuyambira tsiku la maliro panalibe wachibale ndi mmodzi yemwe amene anamufunsapo za pa getipo. Anapinda ambulera, namugwira mlamu wake pamkono.

"Bwerani muone. Mukakhala apa, muyang'ane pakati pa pholo la magetsi ndi kanyumba ka alondaka. Mwaona kadenga kobiriwirako? Amaimika pamenepo. Akaimika kwina pofuna kundizemba, ndimabwera apa pa mpopi, ndimaona masitepe okwerera ku ofesi yake. Ndiye palinso china, ichi ngakhale alonda sachidziwa." Anatsitsa mawu, akumwetulira. "Zenera la kanyumba koyezera maloleko limaonetsa zonse zakuseri ngati kalilole. Ndimamuona asanandione."

Wamapulani ankatsatira pambuyo, kachitini ka penti yofiira kali m'manja. Paliponse pomwe alamu ake aima, iye ankadonthezapo kadontho. Mayiyo anafunsa kuti madonthowo ndi a chiyani. Anayankha kuti ndi za ntchito. Mlonda wogwira tepi uja anayang'ana kumbali, nayamba kuimba kamluzu.

Tisamunamizire, mtima unamuluma. Koma mtima suoneka pa pulani. Atabwerera ku ofesi analumikiza madontho aja ndi rula, ndipo mizere inamuuza yokha pomwe khoma liyenera kudutsa ndi msinkhu wake. Analikhotetsa pang'ono kuti lioneke ngati lokongoletsa. Mazenera a chipinda cha alendo anawaika m'mwamba, oyang'ana kumsewu, olowetsa kuwala ndi mphepo basi. Zenera la kanyumba koyezera malole analisamutsira mbali ina. Mabwana anawajambulira geti yawoyawo ku msewu wam'mbali, yotseguka yokha munthu akadina batani ali m'galimoto.

Kenako anayamba kuwonjezera zomwe sanamutume. Anaika chimbudzi cha alendo. Mabenchi anawapatsa potsamira, poti alamu ake msana unkawavuta. Anaika fani kudenga ndi pothawira mvula pakhomo. Manijala ataona pulaniyo anagwedeza mutu nati, "Inu ndinu munthu woganizira anthu." Abwana ake ku ofesi anamugwira chanza pamaso pa anzake onse, ndipo sabata yomweyo anamupatsa nyumba yosanja yoti ayambe kujambula.

Nyumba ya pa geti inamangidwa, inapakidwa penti, inatsegulidwa. Patapita miyezi, wamapulani anapitako kukayendera, monga amachitira omanga, kuona ngati khoma lang'aluka kapena denga likudontha. Silinang'aluke. Alonda anali m'kati mwa magalasi, akuyang'ana makamera, nsapato zili zouma. M'chipinda cha alendo munali mozizira bwino, mukununkhira polishi. Anyamata ofuna ganyu ankawodzera pa benchi. Pakona panali alamu ake, manja ali pamiyendo, akuyang'ana khoma.

"Alamu," anatero mayiyo, osadzuka. "Mwatimangira pabwino. Msana unasiya kuwawa."

"Zikomo, alamu. Ana ali bwanji?"

"Alipo. Koma bwana uja anasiya kubwera. Chitsegulireni muno, ndikafunsa pagalasipo amangoti sanabwere. Kaya akudwala, kaya anamusamutsa. Ine lero ndi lomaliza, alamu. Kale ndinkati ndikaiona galimoto, ndinkadziwa kuti munthuyo alipo, akungondithawa, ndiye mtima unkalimba. Wothawa amatopa. Koma pano ndikudikira ndani? Ndatopa ine. Ana ndidzangowauza kuti bambo anu anafera kuntchito, basi."

Nthawi yomweyo kuseri kwa khoma kunamveka kulira kwa geti ya mabwana ikutseguka, kenako matayala pa miyala. Phokoso lake linali laling'ono, loti wosalidziwa sangalimve. Wamapulani ankalidziwa, poti mota ya getiyo anasankha yekha. Anamva manyazi oti sanawamvepo chibadwire, ndipo mawu anangotuluka.

"Alipo, alamu. Amabwera tsiku lililonse. Ndi ameneyo akulowayo. Ali ndi geti yake kuseri."

Mayi uja anatembenuka pang'onopang'ono.

"Mwadziwa bwanji?"

"Ndinajambula ndine."

Sanakuwe, sanalire. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anaimirira, namanga nsalu yake m'chiuno mwamphamvu.

"Chabwino. Zinazo tidzakamba. Tiyeni mukandionetse getiyo, ndizikaima pamenepo."

Anatuluka onse awiri, nazungulira mpanda dzuwa likuswa mtengo. Atafika ku msewu wam'mbali, mayiyo anaima nayang'ana uku ndi uku. Msewuwo unali wa malole okhaokha, odutsa mothamanga, otsatizana. Mbali zonse ziwiri za geti kunali ngalande yakuya ya simenti, yotsetsereka, yofika mpaka pa phula. Panalibe mtengo, panalibe mwala, panalibe ngakhale kamalo koti munthu apondepo mapazi awiri. Pamwamba pa chipilala kamera inatembenuka n'kuwayang'ana, ndipo mlonda anali atayamba kale kubwera.

"Ndiime pati?" anafunsa mayiyo.

Wamapulani anayang'ana ngalande, anayang'ana chipilala, anayang'ana msewu. Anafufuza ndi mtima wonse, ngati mmene munthu amafufuzira cholakwa pa ntchito ya mnzake. Ntchito anaigwira bwino.

"Palibe poima, alamu."

Mayiyo anagwedeza mutu, natsegula ambulera yake.

"Zikomo, bwana," anatero, nauyamba ulendo wa kunyumba.