Ndelema wa ku Charnwood

A Sosten anali ndi lamulo limodzi pa nkhani ya bowa, ndipo ine ndinkaliona ngati umbombo basi. Ankati malo a bowa satchula pafoni, salemba, sajambula. Ukafuna kuti mnzako awadziwe, umamutenga n'kukayenda naye wekha.

Bambo ameneyu ndi mkulu wa mpingo wathu kuno ku Leicester, kwawo ndi ku Dedza, ndipo tonse timangowatchula kuti amalume. Kumudzi anali mlenje wa nkhanga. Kuno m'nkhalango za boma salola mfuti, ndiye ulenje wawo wonse unathera pa bowa. Chaka chilichonse mwezi wa Seputembala amabwera kutchalitchi ndi timapepala ta manyame, bowa wachikasu uja, n'kugawira amayi pang'onopang'ono ngati mankhwala. Ukawafunsa kumene amutenga, amangoloza kumpoto ndi chibwano n'kuseka.

Ine ndine Fyness, ndimasamalira okalamba kunyumba ina ya nkhalamba ku Braunstone, ndipo pakamwa panga sipatopa. Ndinawanyengerera zaka zitatu. Mu 2018 anagonja, n'kunena kuti atitenga ine ndi amuna anga, a Ephraim, koma tidikire mvula.

Kukonzekera kwake kunali ngati tikupita kunkhondo. Mvula igwe masiku awiri, kenako padutse masiku anayi. Tinyamuke Loweruka mamawa, anthu oyenda ndi agalu asanadzuke. Tisatenge majumbo chifukwa bowa amachita thukuta, titenge madengu. Tsikulo a Ephraim anawaitana kuweyahausi, kosungira katundu komwe amagwira ntchito, ndiye ndinapita ndekha ndi amalume. Titafika pamalo oimika galimoto m'mbali mwa nkhalango ina cha ku Charnwood, anatsegula kabokosi ka kutsogolo n'kuikamo foni yawo, n'kundiuza kuti nane ndiike yanga. Ndinawauza kuti ndaiiwala kunyumba. Inali m'thumba la jekete.

Tinayenda pafupifupi ola, kusiya njira ya anthu, kudumpha kamtsinje, mpaka pamalo ena a mitengo ikuluikulu. Mayo ine, bowa wake! Manyame anali mbwee pansi pa masamba. Ndikutola choncho ndinaona wina wamkulu bwino, woyera kunsi, pamwamba pake potuwirako, ali ndi kathumba kutsinde. Ngakhale ndinakulira ku Ndirande, ameneyo ndinamudziwa, chifukwa mayi anga ankamugula pamsewu wa ku Zomba. Ndinakuwa kuti ndapeza ndelema, n'kutambasula dzanja.

Amalume anandimenya padzanja ndi ndodo yawo, osati mosewera.

"Ameneyo si ndelema, amake Hazel. Amangofanana nkhope. Mmodzi yekhayo akwana kupha munthu wamkulu, ndipo ngakhale mumuphike tsiku lonse sasintha."

Anandigwaditsa pansi n'kundionetsa kubiriwira kwa pamwamba pake, n'kundinunkhizitsa. Anati n'chifukwa chake malowa sauzana pakamwa, chifukwa amene wakuuza malo ayeneranso kukhala pambali pako kuti akumenye dzanja. Ndinavomera ndi mutu. Koma iwo atapita kuseri kwa mtengo, ndinatulutsa foni n'kusunga malowo pamapu. Mumtima ndinkati nkhalango ndi ya boma, bamboyu sanabzale mtengo ndi umodzi womwe.

Mawa lake kutchalitchi nkhani inali itafika kale kwa asisi Bernadette. Awa ndi mnzanga wa pamtima, amakhala ku Evington, ndipo ndi amene anandigoneka pabalaza pawo miyezi inayi nditangofika m'dziko lino. Chaka chimenecho mayi awo anamwalira ku Kasungu, iwo osatha kupita kumaliro chifukwa mapepala awo anali asanatuluke. Anandikokera pakona n'kundiuza kuti akhala akulota akuzula bowa ndi mayi awo. Anati sakufuna wogawiridwa m'kapepala, akufuna kuwerama okha, manja ade ndi dothi. Nditanena za lamulo la amalume, anandiyang'ana n'kufunsa ngati nanenso ndayamba kumana ngati azungu.

Mawu amenewo anandilasa. Lachitatu ndinawatumizira malowo pa WhatsApp. Pansi pake ndinayamba kulemba kuti asamale ndi bowa wofanana ndi ndelema, koma ndinafufuta. Ndinadzifunsa kuti ine mwana wa m'tauni ndingaphunzitse bowa mayi wa ku Kasungu, amene anayamba kuzula asanamere mano a ukulu? Ndinati ndidzawauza tikadzakumana Lamlungu. Sindinkaganiza kuti apita Lachisanu.

Lachisanulo ndinali pa shifiti ya tsiku lonse. Bureki ndinaipeza mochedwa, cha m'ma hafu wani, chifukwa gogo wina anakana kusamba. Nditakhala pansi ndi tiyi ndinatsegula foni. Panali uthenga wa mawu wochokera kwa a Ephraim, koma ndinaudumpha, poti iwo akayamba kulankhula samaliza. Ndinapita pa zithunzi zimene anthu aika pa WhatsApp. Chithunzi cha asisi Bernadette anachiika teni koloko m'mawa. Linali beseni lodzaza, pansi analemba kuti Mulungu ndi wabwino, ndelema ku Ulaya.

Ndinakuza chithunzicho ndi zala. Manyame analimo ochepa m'mbali. Ena onsewo anali aja, kathumba kutsinde, pamwamba pobiriwirako. Ndinawerenga mpaka khumi ndi awiri.

Ndinaimba. Foni inalira mpaka kuduka. Ndinaimbanso, ndinaimbanso, kasanu ndi kawiri. Ndinalemba ndi zilembo zazikulu kuti musadye, uthengawo unafika koma sunawerengedwe. Amuna awo amayendetsa thiraki ndipo sabata imeneyo anali kutali, nambala yawo ndinalibe. Ndinaganiza zoitana ambulansi, koma nambala ya nyumba yawo yatsopano sindinkaidziwa, ine ndimangodziwa chitseko chofiira pafupi ndi pokwerera basi. Kuchoka ku Braunstone kupita ku Evington ndi mabasi awiri, kudutsa m'tauni, ola lathunthu ngati zayenda bwino. Munthu yekhayo amene ndinkadziwa kuti ali panyumba ndi galimoto masana ngati amenewo anali amalume.

Ndinayang'ana dzina lawo pafoni. Kunena zoona, ngakhale pamenepo kamtima kena kankandiuza kuti ndipeze bodza. Atayankha ndinangoti, "Amalume, ndalakwa. Malo aja ndinapatsa asisi Bernadette. Azula uja munandimenyera, aika chithunzi chake pafoni."

Sanakalipe. Anangofunsa kuti chithunzicho achiika nthawi yanji, ndipo nditawauza anati ndituluke panja, akubwera.

Manijala wathu anayamba kundiuza kuti anthu ndi ochepa pa shifiti. Ndinamusiya akulankhula, ndinatuluka ndi yunifomu yomwe, chikwama n'kuchiiwala. Amalume anafika patapita mphindi khumi ndi zisanu zimene kwa ine zinali chaka. M'galimoto ndinkaimbabe foni uku ndikupemphera, mapemphero opanda mutu, kulonjeza Mulungu zinthu zimene sindingazikumbuke. Maloboti onse a mu Leicester anatiyakira ofiira tsiku limenelo. Pa London Road panali okonza msewu. Ndinayamba kulira mokweza, kunena kuti ndapha munthu amene anandisunga, ndidzayang'ana bwanji abale ake. Amalume anandiuza kuti kulira ndikusunge, ndiwathandize kuyang'ana njira. Anandiuzanso chinthu china. Anati bowa ameneyu amakoma, ndipo munthu akadya amakhala bwinobwino mpaka mawa lake, pamene chiwindi chayamba kale kuonongeka.

Tinafika pachitseko chofiira itadutsa hafu thuu. Ndinagogoda ndi zibakera zonse ziwiri. Asisi Bernadette anatsegula atamanga chitenje, maso a tulo. Anali atagona pampando, foni ili kuchipinda chapamwamba. Ndinawakankha n'kuthamangira kukhitchini. Poto anali pa chitofu, wovundikira. Nditatsegula ndinapeza bowa wotendera bwino, wofika pakati pa poto.

"Mwadya?"

Anati ayi, anangolawa mchere pachikhatho, kenako tulo tinawagwira poti anadzuka mbandakucha. Amati adye madzulo, mtima uli m'malo.

Ndinakhala pansi penipeni pa khitchini n'kuyamba kuseka ndi kulira nthawi imodzi. Amalume anawafotokozera asisi mofatsa, n'kunena kuti ngakhale kulawako tipite nako kuchipatala, titenge ndi zotsala za bowa wosaphika kuti madokotala akaone. Asisi ankangotsutsa kuti ndelema amamudziwa, wazulidwa ndi manja awo kuyambira ali mwana. Kenako amalume anasuzumira m'potomo n'kufunsa kuti beseni lonse lija lathera pamenepa?

Asisi anandiyang'ana ine.

"Asisi, nanga ndikanadya ndekha bowa wa malo amene mwandionetsa inu? Mayi anga akanandiona bwanji? Woyamba ndi wa mwini malo. Ndakasiya kwanu thweluvu koloko, ndapatsira abambo a Hazel pakhomo."

Sindikumbuka kuti foni ndinaitulutsa bwanji. Uthenga wa a Ephraim unali pomwepo, wa thweluvu fote, umene ndinaudumpha ndili ndi tiyi m'manja. Ndinaudina. Mawu awo anadzaza khitchini yonse, osangalala, akumveka kuti akutafuna.

"Amake Hazel, koma mnzanuyu ndi mayi. Wabweretsa ndelema weniweni, ngati wa kwathu. Ndadya ndi mpunga wadzulo, ndawonjezeranso kawiri, musandiseke. Koma wamkulu bwino ndakusiyirani mufiriji. Ndanyamuka, tionana."

Shifiti yawo imayamba thuu koloko, ndipo kuweyahausi mafoni amawatsekera m'timakabati. Ndinaimba ndikudziwa kuti sayankha. Amalume anatilongeza tonse m'galimoto, poto ali pamiyendo ya asisi, n'kuyendetsa ngati mnyamata mpaka kunja kwa mzinda. Pageti mlonda anati sangaitane munthu pakati pa ntchito popanda chilolezo. Ine amene ndimaopa ngakhale kubweza katundu m'sitolo ndinagwira chitsulo cha getilo n'kukuwa mpaka anatuluka akuluakulu awiri.

A Ephraim anatuluka atavala chijekete chawo chachikasu, akuseka, athanzi ngati ng'ombe. Anafunsa ngati kwagwa maliro kumudzi. Nditawauza anati ife amayi timakonda kukuza nkhani, iwo m'mimba muli zii, ndipo akachoka pano awadula maola. Amalume ndi amene anawagwira pamkono n'kuwauza kuti, "Ephraim, lowa m'galimoto." Sindinawamvepo akulankhula ndi munthu wamkulu choncho, ndipo amuna anga analowa.

Kuchipatala sanatichedwetse ataona zotsala za bowa zija. A Ephraim anawamwetsa makala okoka poizoni, n'kuwaika madiripi. Tsiku lonselo a Ephraim ankacheza ndi manesi, kuwauza kuti akungowononga bedi. Mawa lake m'mawa kusanza kunayamba, ndi kutsegula m'mimba kosalekeza, munthu kufota ndikumuona. Asisi Bernadette anawagoneka masiku awiri n'kuwatulutsa, alibe vuto lalikulu. Atawatulutsa anangokhala pabenchi ya panja, kulowa kwa a Ephraim anakana. Ndinawauza kuti wolakwa si iwo, koma sanandimve. Hazel, mwana wathu, anabwera kuchokera ku Nottingham komwe amaphunzira, n'kumandifunsa m'Chingerezi kuti zinatheka bwanji. Ndinamuyankha kuti ndi ngozi. Amalume anali pomwepo, koma sanandiulule.

Lamlungu a Ephraim anaoneka ngati achira, mpaka anapempha tiyi. Ine ndinayamba kuthokoza Mulungu, koma nesi wina wa kwathu anandikokera pambali n'kundiuza kuti ndisafulumire, matendawa amatero. Lolemba m'mawa maso awo anali achikasu. Dokotala anatiitanira m'kachipinda n'kunena kuti chiwindi chikulephera, awatumiza kuchipatala china ku Birmingham, ndipo ngati sipasintha kanthu pafunika chiwindi cha munthu wina. Ndinafunsa ngati chimapezeka msanga. Anati nthawi zina.

Akukonza zowanyamula, ndinapempha Hazel kuti atuluke kaye. Ndinakhala pambali pa bedi n'kuwagwira dzanja, linali lotentha ndi louma. Ndinawauza zonse, za foni imene ndinabisa m'jekete, za malo amene ndinatumiza, za chenjezo limene ndinalemba n'kufufuta chifukwa cha manyazi, za uthenga wawo umene ndinaudumpha. Ndinkafuna andikalipire, anditukwane ngati angathe. Sindikudziwa ngati anamva zonse, chifukwa mutu unali utayamba kusokonekera. Anatsegula maso n'kundiyang'ana nthawi yaitali, ngati akufufuza chinachake pankhope panga.

"Fyness, uja ndinakusiyira mufiriji, sunadye eti?"

Ndinati sindinadye.

"Bola," anatero, n'kutseka maso. Kenako anyamata a ambulansi analowa ndi machira.