Thumba la pansi pa bedi

Namwino atawerama kuti aone thumba la mkodzo, analipeza lopanda kanthu, lopukutidwa bwino ngati latsopano. Anayang'ana a telala, amene anakhala pampando pafupi ndi akazi awo.

Mayiwo anali m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Impso zawo zinaima mwadzidzidzi, miyendo itatupa, ndipo adokotala anali atanena kuti mkodzo ukapanda kuoneka, awatumiza kuchipatala chakutali kumene kuli makina osefa magazi. Kumeneko a telala sankadziwako munthu, ndipo ana awo ankangoimba foni basi.

"Bambo, thumbali mwaligwira?"

"Ndakhuthula, mwanangu," anayankha a telala monyadira. "Mayi anuwa ndi aukhondo. Mkodzo wawo uzionedwa ndi aliyense wodutsa? Akadzuka andikalipira."

"Mayo ine! Munali mkodzo?"

"Pang'ono."

"Pang'ono pake potani? Theka la kapu? Supuni?"

A telala anatambasula zala ngati akuyeza nsalu, kenako anazipindanso. Sankadziwa.

"Safunsa anadya phula, bambo," anatero namwino. "Ife m'mawa wonse tikudikira timadzi timeneto. Ndi mmene impso zimatiuzira kuti zayamba kudzuka. Inu uthengawo mwakautaya kuchimbudzi!"

Mkuluyo anazolika. "Madzi munandiletsa kuwamwetsa. Chakudya chikudutsa m'paipi. Ndimati nanenso ndichiteko kanthu. Zaka zonsezi amandisamala ndi iwowa, ine ndangokhala pano ngati mlendo."

Namwino anawamvera chisoni. Anaviika thonje m'madzi n'kuwapatsa.

"Muziwanyowetsa milomo, osati kuwamwetsa. Ndipo maso akhale pa kapaipi ka mkodzo aka. Kuyang'ana kokha, manjawo muwasunge m'thumba la buluku! Ndikawauza adokotala, mwina adikirako pang'ono."

Belu linalira pabedi lina, iye n'kuthamangira komweko.

A telala anatsika pampando n'kukhala pasimenti, kuti aziona bwino. Makina ankangolira okha. Munthu wocheza naye panalibe, ndipo anasungulumwa kuposa tsiku lina lililonse. Miyendo ya mkuluyo itachita dzanzi, kadontho kachikasu kanayenda m'kapaipi, pang'onopang'ono, kenako kena.

"Taonani!" anafuula akutembenuka.

Panalibe aliyense. Namwino anali kuseri kwa katani ndi wodwala wina, ndipo foni inali zii. A telala anagwira phazi lotupa la akazi awo, misozi ili chuchuchu.

"Amayi, mwakodza," ananong'ona. "Zikomo. Ulendo uno sinditaya."