Masiku a Regina Anatha Pasipoti Ili m'Sutikesi

Regina anabwerera kunyumba kuchokera ku koleji nthawi ya 10 m'mawa, maso ali psuu. Anapeza mayi Bernadeta akuchapa kuseri kwa nyumba yawo ku Nkolokosa.

"Andibweza, amayi. Akuti ndisalowenso m'kalasi mpaka nditaonetsa chilolezo chophunzirira m'dziko muno."

Regina anali wa ku Chipata, ku Zambia. Anabwera pa ndondomeko yosinthana ophunzira: iye adzaphunzire unamwino ku Blantyre, ndipo Linda, mwana yekhayo wa a Bernadeta, apite ku Zambia. Koma Linda anadwala masabata awiri okha n'kumwalira, atalongedza kale zovala za pa ulendo. Regina atafika, a Bernadeta anakana zoti akakhale ku hositelo. Anamupatsa chipinda cha Linda. Pasipoti yake anaitsekera m'sutikesi kuti isasowe. Kalata ya ku koleji yofotokoza zoyenera kuchita sanaitsegule n'komwe, chifukwa masiku amenewo akangoona dzina la kolejiyo misozi inkayamba.

Tsiku lomwe Regina anabwezedwalo, a Bernadeta anapita ndi pasipotiyo kwa a Majidi, aneba awo ogulitsa zitenje ku Limbe, omwe ankalandira kawirikawiri alendo ochokera ku Tanzania. A Majidi anavala magalasi n'kuyang'ana chidindo cha pa boda.

"Mayi, anamupatsa masiku makumi atatu ngati mlendo wongocheza. Masikuwo anatha kalekale."

"Mlendo?" anatero a Bernadeta. "Mwanayu amalankhula Chinyanja ngati ife. Timapita naye limodzi kumapemphero a Mphakati. Amandiitana amayi."

"M'nyumba mwanu ndi mwana, sindikukana. Koma ku boma ndi nzika ya dziko lina. Wobwera kudzaphunzira amafunika chilolezo chakechake."

A Bernadeta anakhala pansi pakhonde. "Tingokhala naye phee, a Majidi. Akadziwa andilanda. Ndaika m'manda mmodzi, ndiye uyunso achoke?"

"Mukamubisa ndiye mumutayadi. Tsiku lina adzamufunsa mapepala pa rodibuloko, ndipo mudzasowa chonena. Pitani nokha. Mawa sinditsegula shopu, ndikuperekezani."

M'mawa anakwera minibasi onse atatu. Ku ofesi ya Imigileshoni anawalandira ndi mayi wina, dzina lake Fatimah. A Bernadeta anafotokoza zonse, ngakhale za sutikesi.

"Pepani ndi maliro," anatero a Fatimah. "Koma kupyola masiku ndi kuphwanya lamulo, ndipo kuli ndi chilango chake. Chomwe mwachita bwino n'choti mwabwera nokha, osadikira kuti tikupezeni."

Anawalembera papepala zofunika: fomu yodzaza, kalata ya ku koleji yotsimikiza kuti Regina ndi wophunzira wawo, kalata ya amene akumusunga yonena komwe akukhala, ndi zithunzi. Anawachenjezanso kuti asapatse mapepala munthu aliyense woima panja wolonjeza kufulumizitsa zinthu.

Podzaza fomu ija, a Bernadeta anafika pa mawu oti "ubale wanu ndi wophunzirayu" n'kuima nthawi yaitali. Kenako analemba kuti "womusunga", n'kupukuta m'maso ndi chitenje.

Kudikira kunawawa. Anzake a Regina analemba mayeso iye ali pakhomo, ndipo teremu yonseyo inamupita. Sanadandaule, koma a Bernadeta ankamuona akuwerenga manotsi a anzake mwakachetechete, mtima n'kumawapweteka.

"Ndakulakwira, mwanawe."

"Nanenso sindinafunse, amayi. Pasipoti inali yanga."

Patapita masabata angapo chilolezo chinatuluka. Regina anavalanso yunifolomu yake yoyera n'kubwerera m'kalasi.

Lamlungu lotsatira, pa msonkhano wa Mphakati, a Bernadeta anaimirira osapemphedwa.

"Abale anga, mukalandira mlendo wa kunja, kaya ndi m'bale, kaya ndi mwana wa sukulu, tsegulani pasipoti yake tsiku lomwelo muone masiku amene wapatsidwa. Pitani naye ku Imigileshoni masikuwo asanathe, mukafunse zofunika. Ine ndinkayesa kuti kumukonda n'kokwanira. Mwana wa eni wataya teremu yathunthu chifukwa cha kalata imodzi imene sindinawerenge."