Uchi Wogula

"Kapu iti?"

"Ya mbalame. Taona, alemba pano: kirimu, kapu ya mbalame imodzi."

"Makapu onse ndinayika m'katoni pageti, n'kulembapo kuti 'Tengani mwaulere.' Pofika masana ngakhale katoniyo anali atapita nayo."

"Ndiye kapu ya amayi unapatsa anthu odutsa mumsewu?"

"Achemwali, inali yobenthuka kukamwa. Mbalame yakeyo mutu unafufutika kalekale."

Wiebke anamuyang'ana mlongo wake Sönke, kenaka anabwezera maso pakakhadi ka kaphikidwe kamene kanali m'manja mwake. Kanali kachikasu, ka madontho a mafuta, kolembedwa ndi dzanja la malemu amayi awo. M'khitchini ya makolo awomo munangotsala tebulo, mipando iwiri ndi uvuni. Zina zonse Sönke anali atachotsa, poti nyumba inali pamalonda. Kunja kunkawaza mvula ya Okutobala, ija yosadziwa kuyamba kapena kuleka.

Bambo awo, a Hinnerk, anali ndi masiku asanu ndi anayi osadya. Chithyokereni fupa la m'chiuno mu Juni, ankakhala kunyumba yosamalirako okalamba ku Soltau. Mutu wawo unali bwinobwino, mano analipo, kukhosi kunalibe chotupa. Ankangoti mbale ikabwera, amayithokoza n'kuyikankhira kumbali. Lachisanu dokotala anawaitana ana awiriwo n'kuwaonetsa kalata imene bambowo anasaina zaka khumi zapitazo, yokana kudyetsedwa ndi mapaipi tsiku limene adzalephere kudya okha.

"Kalata iyi sitingaiphwanye," anatero dokotalayo. "Akadya ndi pakamwa pawo, tili ndi chiyembekezo. Akapanda kudya, tiziwerenga masabata. Mwina osakwana atatu. Kodi palibe chimene ankachikonda?"

Chinalipo. Lamulungu lililonse kwa zaka makumi anayi, amayi awo ankawotcha mbatatesi mu uvuni n'kukonza chosunsira cha kirimu wa mkaka, chambiko, uchi ndi masitadi, phala lachikasu lija loluma lilime. A Hinnerk ankadya osayankhula, pomaliza n'kupukuta mbale ndi chala.

Wiebke ankaphunzitsa masamu kusekondale ku Hannover, ndipo ankakhulupirira kuti funso lililonse lili ndi yankho, bola ulilembe bwino. Amayi ake analemba moipa. Pakhadipo panalibe magalamu kapena malita. Panali kapu ya mbalame, supuni ya agogo, ndi "masitadi, nsonga ya mpeni," ngati kuti m'dziko monse muli mpeni umodzi.

"Thirani mongoyerekeza," anatero Sönke. "Munthu wa masiku naini osadya angafunse za kapu?"

"Ababa? Ababa amene anabweza buledi kubekala chifukwa anasintha ufa?"

Anatulutsa foni n'kuyamba kufufuza zithunzi zakale. Anachipeza: tsiku lobadwa la Sönke, keke patebulo, ndipo chapambali, kapu ya mbalame itayima pafupi ndi bokosi la machesi oyatsira makandulo. Anachikulitsa ndi zala ziwiri, anatenga rula m'chikwama chake n'kuyiyika pagalasi la foni.

"Bokosi la machesi ndi masentimita asanu. Kapuyi kutalika kwake ndi bokosi limodzi ndi theka, kukamwa kwake bokosi ndi pang'ono, kunsi n'kowonda..." Analemba manambala kuseri kwa envelopu. "Mamililita zana limodzi ndi makumi asanu ndi awiri. Ndikalakwa, ndalakwa ndi khumi."

"Ee, aphunzitsi! Anthu amalira maliro ndi misozi, inu mumalira ndi rula."

"Palibe maliro pano. Supuni ya agogo ili kuti? Kapena nayonso inapita ndi katoni?"

Sönke anakanda kumutu. Anatuluka, napita kugalimoto yake ya ntchito yoyika mawindo, n'kubwera ndi supuni yasiliva yomata penti yoyera mpaka pachigwiriro.

"Imavundula bwino," anatero.

Wiebke anayipala ndi mpeni, nayitsuka katatu ndi madzi otentha. Kenaka anatsuka mbatatesi osasenda, nazidula panayi mulitali monga ankachitira amayi ake, nazipaka mafuta ndi manja, nawaza mchere ndi tinjere tonunkhira, n'kuzindandalika pathireyi mbali yodulayo ili pansi. Uvuniyo anayidziwa kuyambira ali mwana: inkapsereza kumanzere. Anatchera wotchi kuti pakatha mphindi makumi awiri atembenuze thireyi.

Panatsala mzere umodzi. Amayi analemba kuti, "Uchi, supuni ya agogo ziwiri." Sanalembe uchi wanji, poti m'nyumba imeneyo munalibe uchi wina. A Hinnerk anali ndi ming'oma makumi atatu yolukidwa ndi mapesi, kuseri kwa nyumba kumene thengo limayambira. Mu Ogasiti thengolo likachita maluwa, njuchi zinkadzaza malesa, ndipo mu Seputembala iwo ankafinya malesawo ndi chofinyira chathabwa chimene a Hinnerk anasiyiridwa ndi bambo awo. Botolo loyamba la chaka linkatera patebulo la mwini njuchi lisanapite kwina kulikonse.

Wiebke anatulutsa botolo m'chikwama. Analigula dzulo lake kumsika, uchi wa maluwa omwewo a m'thengo, wofiirira, wolimba, woti supuni ukayiyimika imayima. Chipepala cha dzina la wogulitsa anali atachinyika m'madzi ofunda n'kuchimatula.

Sönke anaona botololo, nayang'ana pawindo. Kuseri kwa nyumba kunangotsala mashelefu opanda kanthu, ndi mabwalo makumi atatu oyera pathabwa pamene pankakhala ming'oma.

"Ndinakufunsani," anatero mwakachetechete. "Ndinakuyimbirani foni."

"Unandiuza kuti njuchi zikuthawa, aneba akudandaula."

"Zinkathawadi! Kawiri ndinakazitsitsa mumtengo wa eni, nkhope n'kutupa ngati dzungu. Ine ndine wa mawindo. Inu munati chiyani? 'Chita zimene ukuona, Sönke, ndili ndi mayeso oti ndichonge.'"

"Sindinanene kuti upereke ndi chofinyira chomwe. Ndi mabotolo onse a m'shedi."

"Mkulu wa ku Celle wogula njuchi uja anati atenga zonse kapena asiya zonse. Madzi akatayika saoleka, achemwali."

"Unaziuza?"

"Ndani?"

"Njuchi."

Sönke anaseka, koma kusekako sikunafike patali. Onse awiri ankakumbukira m'mawa umene amayi awo anamwalira. Bambo awo asanayimbire m'busa kapena wa mabokosi, anavala jekete lakuda n'kuyenda mng'oma ndi mng'oma, kugogoda katatu pa uliwonse: "Mayi wa pakhomo pano wapita. Inu khalani." Ndipo mu Juni, anthu a ambulansi atawanyamula pamachira, anagwira Sönke dzanja n'kunena kuti, "Ukaziuze kuti ndachokapo pang'ono. Ugogode katatu."

"Munthu wamkulu ndi ndevu zanga, ndiziyankhula ndi tizilombo?" anatero Sönke. "Ndinazinyamulira m'lole. Zinadziwa zokha."

Chiyambire Julaye, Lamulungu lililonse a Hinnerk ankafunsa kuti, "Zili bwanji?" ndipo ana awo ankayankha kuti, "Zili bwino, Ababa, zikugwira ntchito." Seputembala atatha analeka kufunsa. Patapita masiku owerengeka analekanso kudya. Wiebke, amene ankatha kupeza kukula kwa kapu kuchokera pabokosi la machesi, masiku awiri amenewa, loleka kufunsa ndi loleka kudya, anali asanawayike pamzere umodzi. Ankati akayandikira kutero, amapeza china choti awerengere.

Wotchi inalira. Anatembenuza thireyi.

Chosunsira choyamba chinatsekemera kwambiri, anachitaya. Chachiwiri masitadi anachuluka, poti mpeni wa Sönke unali wa nsonga yotakata. Chachitatu anachitakasa pang'onopang'ono mpaka uchi unasungunukiramo, chinayera ngati mnyanga. Anapatsa Sönke kuti alawe.

Sönke anatseka maso. Atawatsegula anali ofiira.

"Ndi amayi awa," anatero. "Ndithu, achemwali, rula yanu ija ndi mfiti."

Anakutira thireyi ndi matawulo awiri kuti isazizire. Panjira yonse ya ku Soltau, Wiebke anayifungatira pamiyendo ngati khanda, galimoto ikununkhira Lamulungu la kale.

Pakhonde anakumana ndi Jolanta, namwino amene ankasamalira bambo awo.

"Mwabwera ndi zabwino, mayi, fungo lafika kale kuno," anatero. "Koma akakana musakhumudwe. Dzulo ndinawagwadira ndi supu. Anandiuza kuti, 'Dzuka mwana wanga, uwononga mawondo, udzawafuna.'"

A Hinnerk anali pampando wa matayala pafupi ndi windo, atavala malaya a Lamulungu amene tsopano ankawakhuthukira m'mapewa. Khosi linali ngati la nkhuku yosoledwa. Koma maso anali omwe aja, oona msanga.

"Mwabwera awiri," anatero. "Kwagwanji? Ndafa kale?"

"Takubweretserani chakudya, Ababa."

"Chakudya chilipo chambiri muno. Amachibweretsa, amachitenga. Chimayenda kuposa ine."

Wiebke anayala nsalu pakatebulo, nayika mbale, foloko kumanzere, mpeni kumanja. Atavundukula matawulo, nthunzi inakwera. Mphuno ya a Hinnerk inagwedera. Anayang'ana mbatatesizo nthawi yayitali, zofiirira m'mbali, khungu litachita makwinya.

"Uvuni yathu iyi," anatero.

"Yomweyo, Ababa."

"Unatembenuza thireyi. Kumanzere sikunapserere."

"Ndinatembenuza."

Ananyamula foloko. Anabaya kachidutswa, nakasunsa m'kambale, nakakweza pang'onopang'ono, dontho limodzi n'kugwera pamalaya. Anatafuna. Anameza. Wiebke anaona chakudyacho chikutsika pakhosi lowondalo ndipo anagwira m'mphepete mwa tebulo. Pakhomo, Jolanta anadziphimba pakamwa ndi dzanja. Sönke anatulutsa mpweya ngati munthu amene watula zenera lolemera.

A Hinnerk anabaya kachidutswa kachiwiri. Anakafikitsa pakambale, nayima. Anayika foloko pansi. Anapisa chala m'chosunsiracho, nachipaka palilime, n'kukhala akuchiyendetsa m'kamwa maso ali kudenga.

"Kirimu wakwana," anatero. "Kapu ya mbalame ikadalipo eti?"

"Ilipo," anatero Sönke msangamsanga.

"Masitadi wakwananso. Amayi ako ankachulutsa akakwiya." Anayendetsanso lilime. "Uchi uwu wadutsa m'makina."

"Ndi wa m'thengo, Ababa," anatero Wiebke. "Wa maluwa a mu Ogasiti."

"Sindinafunse maluwa. Ndati wadutsa m'makina. Ndi woyera ngati madzi a m'tchalitchi. Mulibe phula, mulibe mungu, sukanda kukhosi. Uchi wofinya umaluma pang'ono pomaliza, ngati ukukumbutsa kuti unali ndi eni ake."

"Ndi wanu womwe, wa chaka chino. Mwina Sönke anausefa kwambiri, mukudziwa ndi koyamba..."

"Wa chaka chino." A Hinnerk anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye botolo loyamba linasochera panjira. Seputembala yense ndinakhala pawindo pano. Ndinkati mwina galimoto yawonongeka." Anatembenukira kwa mwana wawo wamwamuna. "Sönke, bwera kuno. Tambasula manja."

"Ababa, idyani kaye zisanazizire," anatero Sönke.

"Tambasula."

Sönke, bambo wa zaka makumi anayi ndi zisanu, anatambasula manja ngati mwana wa sukulu. A Hinnerk anawagwira, nawatembenuza, nayang'ana m'zikhadabo, nawanunkhiza. Munali penti yoyera ndi mabala a galasi. Munthu amene wafinya malesa a ming'oma makumi atatu amayenda ndi zikhadabo zakuda ndi utomoni mpaka Khirisimasi, ndipo sopo sachotsa.

Anawasiya manjawo mofatsa, ngati akubweza katundu amene si wawo.

"Zakoma, mwana wanga," anauza Wiebke. "Wavutika."

"Ndiye idyani. Chimodzi chokha china. Kapena idyani zopanda chosunsira, ndi mchere wokha. Ababa, chonde. Dokotala wati..."

"Ndikudziwa zimene wanena. Kalatayo ndinalemba ndine."

Anatenga mpeni ndi foloko, naziphatikiza pamodzi, n'kuzigoneka mopingasa pambale monga amachitira munthu amene wamaliza. Anapinda nsalu yopukutira pakamwa panayi. Jolanta anachoka pakhomo mwakachetechete, nsapato zake zikulira m'khonde mpaka kuzimiririka. Nthunzi ya mbatatesi inali itayamba kuchepa.

Wiebke anapisa dzanja m'thumba, nakhudza envelopu ya manambala ija. Zana limodzi ndi makumi asanu ndi awiri. Anali atakhoza.

A Hinnerk anayang'ana mwana wawo wamkazi, kenaka wamwamuna, kenaka mvula pawindo.

"Pamene munkazigulitsa," anatero, "alipo mwa inu amene anagogoda?"