Mayi wa Dishi Safa

Atatiuza kuti fakitale yathu ya ku Kafue yagulitsidwa, anati tsopano aliyense ndi mfulu kudzipangira chuma chake. Ufulu wanga unabwera ngati kompyuta imodzi yakale, yomwe ija ndinkagwirirapo ntchito mu ofesi. Eni atsopano sanaifune. Ndinaikankha pa wilibala kuchokera ku mafakitale mpaka kunyumba, ndipo mkazi wanga Emelia ataiona anafunsa ngati imadya zambiri.

Inkadya magetsi ndi nthawi yanga. Amene ankatidyetsa ife anali Emelia, ndi nsomba zimene ankakaoda kudoko la asodzi la Chanyanya n'kumagulitsa pamsika. Anamwalira patapita zaka zingapo, atadwala kanthawi kochepa. Za zimenezo sindinena zambiri. Anthu anabwera, anaimba, anapita.

Nyumba itakhala zii, ndinayamba kupanga gemu. Munthu wophunzira sayenera kukhala manja lende, ndipo dimba ndinalibe. Kompyuta yanga inkadziwa mitundu inayi yokha, choncho chilichonse chinali timabokosi tosanjikizana, monga magemu a kale amene tinkasewera mu ofesi bwana akapita ku Lusaka. M'gemumo muli mayi wosenza dishi ya nsomba, akuchokera kumtsinje kupita kumsika. Panjira pali maenje, ng'ombe, njinga za makala ndi maminibasi. Batani lina n'lodumphira, lina n'lopatukira. Mayiyo akagundidwa, nsomba zimamwazika, iye amawerama, amatola, n'kupitiriza ulendo.

Nditamaliza, ndinaiika pa disiketi n'kupita nayo kwa Gershom. Gershom ankayendetsa thirakitala ku fakitale kwathu, ndipo atachotsedwa anatsegula malo a intaneti pafupi ndi siteshoni ya sitima. Intaneti yake inkabwera ngati mvula ya mu Okutobala, choncho makompyuta ake ankakhalira magemu a mpira ndi owomberana. Ndinkafuna kuti gemu yanga ikhale pamenepo. Chichokereni ku fakitale ndinali ndisanamalizepo chinthu chilichonse, ndipo ndinkafuna kuona munthu wina akuigwira.

Gershom anayang'ana pa sikirini nthawi yaitali.

"Ba Morris, muntu uyu aoneka monga njerwa."

"Ndi kapangidwe kake."

"Awe, sininakane. Va kudala, va makedzana, ndiye fashoni manje kunja, ninabelenga." Anayamba kusewera. Minibasi inamugunda mayiyo, Gershom n'kuseka. Inamugundanso, anasekanso. Kenako anasiya mabatani dala, n'kupinda manja, ng'ombe ndi njinga zikumuwomba mayi uja motsatizana. Nthawi iliyonse ankawerama, kutola nsomba zake, n'kupitiriza.

"Nanga afa liti?"

"Safa."

"Shani? Safa bwanji?"

"Amangotola nsomba."

Gershom anatembenuza mpando n'kundiyang'ana ngati dokotala amene wapeza matenda. "Ba Morris, mvelani. Muntu akankhala pa mupando apa, afunika afe. Akafa anyamuka, wina ankhala. Ndiye bizinesi. Manje mayi wanu uyu, muntu azankhala kuchoka m'mawa mpaka nivale shopu. Pa Loweruka masukulu avala, bana bayamba holide. Mumupaye, nizailemba pa bolodi panja. Ngati safa, nkhalani nayo ku nyumba."

Kupha munthu m'gemu si ntchito yovuta. Ndi mizere yochepa chabe: akagundidwa kachitatu, timabokosi take umatigoneka cham'mbali, n'kulemba kuti zatha. Lolemba ndinalemba mizereyo. Ndinamuona atagona pamsewu, dishi ili uko. Ndinafufuta, n'kukatsuka mbale zimene zinali zotsukatsuka kale. Ndinadziuza kuti kompyuta yachepa mphamvu, ndipo kuti chithunzi cha munthu wogona chimafuna malo ambiri kuposa cha munthu woima. Izi si zoona, koma ndine wophunzira, ndimatha kupeza zifukwa.

Lachitatu ndinabwerera kwa Gershom ndi njira ina. Tsopano ng'ombe ikamugunda mayiyo, imafa ndi ng'ombeyo. Minibasi ikamugunda, imagwera m'dzenje matayala m'mwamba.

"Ninati mayi, ba Morris, osati ng'ombe!" Gershom anagwira mutu. "Manje mwamupanga kasinja wa nkhondo. Kodi ni m'bululu wanu, wa ku banja?"

Ndinamuuza kuti ndikaonanso.

Lachisanu masana kunabwera mlamu wanga Winfrida, mkulu wake wa Emelia, amene anatenga benchi yake ya kumsika. Amabwera nthawi zina ndi nsomba zouma, kudzaona ngati ndikadali moyo ndiponso kudzandiuza kuti makatani ada. Anandipeza ndili pa kompyuta. Anaima kumbuyo kwanga, thumba likadali m'manja.

"Uyo ni Emelia."

"Ndi timabokosi, mlamu."

"Tumabokosi twamene tuyenda na kwanja m'chiuno?"

Zoona, pa chiuno cha mayiyo panali kabokosi kamodzi kotulukira kunja. Ndinali nditakaika kuti thupi lioneke lolingana ndi dishi. Ndinamufotokozera zimenezi.

"Na chitenge cha girini?"

"Kompyutayi ili ndi mitundu inayi yokha."

"Nanga itatu inayo inakulakwilani chani?"

M'malo moyankha za mitundu, ndinamuuza za Gershom, za Loweruka, ndi zoti mayiyo ayenera kufa. Ndinalankhula ngati ndikuwerenga lipoti. Ndinkaopa kuti alira, chifukwa Winfrida akayamba kulira amaitana ndi aneba omwe. Koma anaseka mpaka anakhala pa mpando wa Emelia, umene palibe amakhalapo.

"Minibasi kupaya Emelia? Makondakitala onse a mu Kafue anali kumuyopa! Wina anamubwezela chenje kawili." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenge. "Bamulamu, masukulu yanu yonse aya. Gershom safuna malilo, afuna mupando. Nanga imwe, Emelia anali kukunyamulani bwanji pa mupando uyo?"

Ndinkadziwa. Emelia sankaitana kawiri. Chakudya chikapsa ankanena kamodzi. Ndikati dikira pang'ono, ankabwera, n'kuima pakhomo dzanja lili m'chiuno. Kenako ankadutsa kumbuyo kwanga mwakachetechete, kuwerama kuseri kwa kabati, n'kuzula pulagi. Ntchito yambiri yabwino inatayika mwa njira imeneyi. Ndinamufotokozerapo kangapo kuopsa kwake pa makina, ndipo ankamvetsera mwaulemu, akupakula.

Winfrida anasiya nsomba pa tebulo, n'kunena za makatani, n'kupita.

Loweruka m'mawa ndinapeza Gershom atalemba kale ndi choko pa bolodi: GEMU YA KUNO KWATHU, YOPANGIDWA MU KAFUE. Anthu a bizinesi amakhulupirira msanga. Anatenga disiketi m'manja mwanga.

"Afa?"

"Yesani muone."

Woyamba kukhala pampando anali Lemmy, kondakitala wa minibasi amene ankadikira kuti galimoto yake ifike pamzere. Ana a sukulu anamuzungulira. Ataona minibasi ya timabokosi ikubwera, anakuwa kuti, "Iyi ni ya ba Chimuka, ilibe mabuleki!" ndipo onse anaseka. Anadumpha maenje bwino ndithu. Kenako njinga ya makala inamugunda mayi uja. Anatola nsomba. Ng'ombe inamugunda. Anatolanso. Pafupi ndi njanji, minibasi inamupeza.

Mayiyo anadzuka. Sanatole nsomba. Anatula dishi pansi, n'kutembenuka kuyang'ana wosewerayo, dzanja lili m'chiuno. Nkhope yake ndi timabokosi tiwiri tokha, koma ana aja anabwerera m'mbuyo. Kenako anayenda pang'onopang'ono mpaka kumapeto kwa sikirini, anawerama, n'kukoka chingwe. Sikirini inada bii. Pakati pa mdimawo panatuluka mawu oyera: MWASEWERA MOKWANIRA. NYAMUKANI.

Lemmy ananyamuka asanaganize n'komwe. Anavulanso kapusi.

"Iye! Bamayo aba ni bakali!"

Gershom anali atagwada kale pansi pa tebulo kufufuza pulagi yake. Ataona kuti ili m'malo mwake, anatulutsa mutu, fumbi lili m'tsitsi.

"Ba Morris, sanafe."

"Koma mpando uli wopanda munthu."

Anayang'ana mpandowo. Sunalinso wopanda munthu. Mtsikana wina anali atakhalapo kale, anzake akukankhana kumbuyo kwake. Gershom anadzisansa maondo.

"Ninakuuzani ine," anatero. "Va kudala ndiye fashoni."

Gemu ija inakhala pa makompyuta ake mpaka makompyutawo anatha. Ana anaitcha Bamayo Bakali, ndipo dzina limene ndinaipatsa ine palibe amalikumbuka. Madisiketi anakoperedwa, ena akuti anafika ku Lusaka, opanda dzina langa, monga zimayenera kukhalira pa msika waufulu. Gershom ankadandaula chinthu chimodzi chokha: ambiri sankafunanso kukafika kumsika. Ankadzigunditsa dala kuti aone mayiyo akutembenuka. Koma popeza zimenezi zinkafulumizitsa mzere, dandaulo lake silinali la mumtima.

Winfrida anapita kukaiona kamodzi. Anabwerako n'kunena kuti dishi ndaichepetsa, Emelia sankasenza kadishi ka ana.

Ine njira yonse ndimaidziwa, poti dzenje lililonse ndinalikumba ndekha. Ndikhoza kumufikitsa mayiyo kumsika popanda kugwetsa nsomba ngakhale imodzi. Komabe pulogalamu imafunika kuiyesa kawirikawiri, chifukwa zolakwika zimabisala. Choncho Lamlungu ndikabwera kutchalitchi, chakudya chamasana chisanakwane, ndimayatsa kompyuta, n'kuyamba ulendo wochokera kumtsinje. Ndikafika pa maenje oyamba ndimachotsa manja pa mabatani. Njinga imabwera, ng'ombe imabwera, minibasi imabwera. Iye amatula dishi, n'kutembenuka.

Mpaka pano sindinapezemo cholakwika. Sikirini ikada, ndimanyamuka, n'kukatereka madzi a nsima.