Dzanja Lamanzere la Bambo Lawson

Bambo Lawson a ku Warren Park anawedza mu mtsinje wa Manyame zaka makumi atatu, ndipo zaka zonsezo ankanyoza aliyense wonyamula kaukonde kovuulira nsomba. Ankati n'chida cha anthu oopa kunyowa. Iwo nsomba ankaikokera m'mphepete, n'kuwerama, n'kuitsamwitsa pakhosi ndi dzanja lamanzere. Kenaka sitiroko inabwera n'kufooketsa dzanja lomwelo. Munthu wamakani samva za thupi lake. Atangopezako bwino anabwerera kumtsinje, anaweramira mlamba, zala zinakana kugwira, ndipo anagwera m'madzi chamutu. Anavuulidwa ndi anthu ongodutsa.

Tionenji, mwana wawo wamkazi amene ankakhala nawo, analira tsiku limenelo mpaka maso kutupa. Atamaliza kulira analamula kuti za kumtsinje zatha. Mawuwa anawapweteka bambowo kuposa kugwa kuja. Kunyumba anali wodwala wokumbutsidwa mapiritsi, koma kumtsinje anali Lawson. Anakangana sabata yathunthu, mpaka Tionenji anatopa.

"Chabwino, Baba," anatero. "Loweruka ndipita nanu. Mukangowerama, kapena phazi likakhudza madzi, ndodo zija ndithyola ndekha."

Lachinayi Bambo Lawson anakwera kombi, minibasi ya kumeneko, kupita ku msika wa Mbare Musika, kwa Sefu, mnzawo wogulitsa zitsulo zakale ndi zida zowedzera. Sefu atamva chimene akufuna anaseka mpaka kutsokomola.

"Inu, achimwene? Kaukonde? Si inu munkati n'ka anthu amantha?"

"Ukaipa dziwa nyimbo," anayankha Bambo Lawson osaseka. "Tulutsa tonse."

Sefu anawapatsa kaye chiukonde chachikulu, chakukamwa ngati beseni. Mtima wawo unachikonda, koma sanaukhulupirirenso mtimawo. Anabwereka kabichi wamkulu kwa mayi wina wogulitsa masamba, n'kumuponya mu ukondemo, n'kuyesa kukoka ndi dzanja lofookalo. Mpini unapulumuka, kabichi n'kugubudukira m'matope. Amayi a pamsika anafa nazo.

"Sekuru agwira nsomba yamasamba!" anakuwa wina, akuwatchula agogo m'chilankhulo cha kumeneko.

Iwo sanatembenuke. Anamutola kabichiyo n'kuyesa kena, n'kuyesanso kena. Ka mpini waufupi anakakana chifukwa kakanawaweramitsa. Ka ulusi wa mfundo anakakananso, poti mbedza imakodwamo. Pomaliza anatenga kopepuka, kathumba kozama, ka mpini wautali woti nsonga yake ipanidwe m'khwapa. Kabichi wovulalayo anamulipira n'kupita naye kunyumba, ndipo Lachisanu lonse anali pabwalo akumuvuula m'bafa la madzi, anthu ochita lendi kuseri kwa nyumba akusuzumira pawindo.

Loweruka anakhazikika pagombe louma, mapazi kutali ndi madzi. Tionenji anakhala pamwala kumbuyo kwawo, manja atapinda ngati wapolisi. Dzuwa linakwera, kunsi kuli zii. Tionenji atayamba kuyang'ana foni yake kawirikawiri, ndodo inapindika mwadzidzidzi.

Unali mlamba, ndipo sunali wamasewera. Unathawira ku namasupuni, iwo n'kuubweza. Unamira, iwo n'kuupatsa chingwe. Dzanja lamanja linagwira ntchito yake yakale mosavuta, mpaka mutu wakuda wandevu unaoneka pafupi ndi gombe. Apa thupi lonse linafuna kudzuka n'kuwerama monga mwa masiku onse. Analuma mano n'kukhala pomwepo.

"Baba, ipatseni kuno neti!" anakuwa Tionenji atayimirira.

"Khala pansi."

"Ithawa, mhani!"

"Ndati khala pansi, mwanawe."

Anapana mpini m'khwapa n'kumiza kaukonde m'madzi, kali phee. Nsomba suithamangitsa ndi ukonde kuchokera kumchira, imangokuseka. Umaudikiritsa pansi, n'kuibweretsa yokha, mutu patsogolo. Ulendo woyamba mlamba unaona waya wa kukamwa kwa kaukonde n'kupotoloka. Anaulola. Ulendo wachiwiri unabwera wotopa, mimba ikuyera, ndipo unalowa mpaka kumchira.

Anaika ndodo pansi n'kuyamba kukokera mpini kumbuyo. Pomwepo zala zamanzere zinatseguka zokha. Mlamba uja unali wolemera kuposa kabichi aliyense wa ku Mbare, ndipo unkadziponya uku ndi uku. Mantha anawagwira, mantha enieni, oti zonse zithera apa mwana wawo akuona. Anakumbatira mpini pachifuwa ndi mikono yonse iwiri, anaponda zidendene m'dothi, n'kuyamba kukhwekhwereza matako chobwerera m'mbuyo, pang'onopang'ono, buluku likudzaza fumbi. Sanasamale za ulemu. Anakwawa choncho mpaka kaukonde kanatuluka m'madzi n'kugona pa udzu, nsomba ili m'kati.

Anakhala akupuma movutika. Anayesa kutola nyongolotsi m'chitini ndi dzanja lamanzere, koma inagwa kawiri. Sanayang'ane mwana wawo, poti ankadziwa kuti waona zonse, zabwino ndi zoipa zomwe, ndipo chigamulo chinali chake.

Tionenji anabwera n'kugwada pambali pawo, masaya ali onyowa. Anachotsa mbedza kukamwa kwa mlamba. Kenaka anapisa zala m'chitini, nkhope atakwinya ndi nseru, n'kutunga nyongolotsi ku mbedza mokhotakhota ngati munthu amene sanachitepo. Anatola ndodo n'kuiika m'dzanja la bambo ake.

"Ponyani, Baba," anatero. "Dzuwa likadalipo."